Ndinalipira K420,000 Kuti Andichotsere Fowilo

Galimoto yanga inalowa m'galaja ikukoka ndi matayala anayi. Inatuluka ikukoka ndi awiri. Ntchito imeneyi ndinailipira K420,000, lisiti ndili nalo. Chifukwa cha ntchito yomweyi, amayi anga ondibereka sanachitidwe opaleshoni ya maso. Mpaka lero akuyenda mopapasa khoma.

Ndiye mundimvere, inu nonse amene mukuganiza zogula kagalimoto kolowera kumudzi nthawi ya dzinja.

Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale pa boma pano. Kwathu ndi ku Simlemba. Amene amaidziwa njira yathu safunika kumufotokozera. Mvula ikangokhazikika, galimoto zamatola zimathera panjira, a njinga zamoto amakweza mtengo, ndipo munthu wamkulu wosaona sungamukweze panjinga ulendo wonsewo. Amayi ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Chaka chatha ndinagulitsa soya wanga yense, n'kuphatikiza ndi kangachepe kamene ndinkasunga, ndipo ndinagula kagalimoto kakale ka zitseko ziwiri kwa bambo wina amene anapuma ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya fodya. Si galimoto yojambulitsa nayo chithunzi. Chitseko cha kumanzere chimatsekukira kunja kokha. Koma kali ndi kagiya kachiwiri kaja, ka fowilo, kochititsa kuti matayala onse anayi azikoka. Mwini wakeyo anandionetsa ndi maso angawa. Anakakwezera pachulu kuseri kwa nyumba yake, matayala akutsogolo akupalasa dothi ngati nkhuku.

Chinkandivuta ndi ichi. Matayala anali osalala ngati dazi. Kutsogolo kunkamveka kugogoda. Ndipo ine laisensi ndili nayo, koma ndinaphunzirira pa tala. M'matope ndinali ndisanayendetsemo.

Kuseri kwa msika kuli galaja ina. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Pakhoma anajambulapo galimoto ikuwoloka mtsinje, mkango uli pambali kuonerera. Pansi pake analemba kuti iwo ndi akatswiri a galimoto za m'tchire, amakonza ndiponso amaphunzitsa. Mwini wake amadzitchula kuti Injiniya. Ovololo yake ndi yoyera kuposa bulauzi yanga ya kutchalitchi. Makaniko wanji wopanda ndi dontho lomwe la oyilo? Pamenepo ndikanadziwiratu.

Ndinapitako Lolemba, 2:30 masana, nditaweruka. A Injiniya anaizungulira galimoto kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi. Anati galimotoyi ndi yabwino, kungoti ikusowa dzanja la mwamuna. Anati iwo anayendetsapo azungu m'nkhalango ya nyama zaka zambiri osatitimira ngakhale tsiku limodzi. Mtengo anatchula ndi K420,000 ija: matayala anayi a m'matope, ogwirapo kale ntchito, kukonza kugogoda kuja, ndi maphunziro awiri. Nditapempha kuti atsitseko, anandifunsa ngati moyo wanga ndi wotchipa.

Ndinawauza chilichonse. Ndinawauza kuti madokotala a maso amangobwera mwa apo ndi apo, kuti amayi anawapatsa tsiku, Lolemba la sabata yachitatu kuchokera pamenepo, ndipo anayenera kukhala atafika pachipatala 8 koloko m'mawa. A Injiniya anaika dzanja pachifuwa.

"Amayi anu ndi amayi anga, madamu. Lachinayi mudzatenge galimoto."

Pakhomo pa galajayo pali katebulo, pamakhala mayi wina wolemba malisiti. Anandilembera uku akukukuta chimanga chootcha. Ndinapereka ndalama zonse kamodzi. Inde, ndikudziwa. Musandikumbutse.

Lachinayi, 3 koloko, ndinafika. A Injiniya anali atapita kumaliro. Galimoto inali pomwe ndinaisiya, nkhuku itagona pansi pake.

Loweruka, 9 koloko, akuti magetsi azima. Ndinafunsa ngati sipanala imayendera magetsi. Mayi wa malisiti anati iye amangolemba, za masipanala sazidziwa.

Lachiwiri, 4:10, galimoto panalibe. Akuti yapita kokayesedwa. Ndinasangalala, ndinati ntchito yayamba. Pobwerera kunyumba, ndili pafupi ndi depoti, ndinangoona kagalimoto kanga kakudutsa. Pamwamba anamangapo matumba a feteleza. Kumbuyo kunali mbuzi zitatu, imodzi itasuzumira pawindo. A Injiniya chigongono chili kunja. Anandiona, ndipo anandibayibitsa. Munthu kundibayibitsa ali m'galimoto yanga, ine ndili wapansi, ndanyamula makope.

M'mawa mwake ndinakawafunsa. Sanachite manyazi. Anati galimoto ya m'tchire imayesedwa ndi katundu, ndipo mbuzi zimaposa matumba chifukwa zimasunthasuntha, ndiye masipuling'i amayesedwa mbali zonse. Petulo ndinasiya ali pakati. Ndinapeza kamuvi katagona pansi. Akuti kuyesa kumadya mafuta. Fungo la mbuzi lija lilimobe mpaka lero, ndayesa sopo wa mitundu iwiri.

Lachisanu anandiitana kuti ndidzaone matayala. Analipodi anayi. Mitundu yake inali itatu. Limodzi linali lalitali kuposa anzake, moti galimoto inaima mopendekeka ngati munthu wochokera kumowa. Nditafunsa, anandiyang'ana momvera chisoni. Anati dothi la Kasungu si limodzi. Pali makande, pali katondo, pali mchenga, ndipo tayala lililonse lili ndi dothi lake. Nanga lachinayilo? Akuti limenelo ndi la pa tala.

Koma kugogoda kuja kunali kutatha. Tinazungulira msika, kunali zii. Ndinathokoza. Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa, ndinati zikomo a Injiniya, Mulungu akudalitseni.

Tsopano imvani za maphunziro.

Phunziro loyamba linali Loweruka, 10 koloko. Ndinavala nsapato zafulati, ndinatenga kope ndi cholembera. Galimoto inali yokiya. Anandikhazika pabenchi n'kundipatsa chivundikiro cha ndowa kuti ndicho chiwongolero. Iwo anatola kamtengo n'kujambula dambo pansi. Phunziro lonse linatenga mphindi makumi anayi, ndipo zoposa theka zinali nkhani ya njovu imene inawathamangitsa iwo akuyendetsa chobwerera m'mbuyo ndi dzanja limodzi. Lamulo linali limodzi, ndipo anandiuza kuti ndilembe ndi zilembo zazikulu.

"Mukaona matope musaganize. Pondani moto."

Ndinalemba. Ndine mphunzitsi, ndimadziwa kumvera mphunzitsi mnzanga. Ndinafunsa za kuphwetsako mpweya m'matayala, poti mnzanga wina kusukulu anali atandiuzapo. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti zimenezo ndi nzeru za anthu a pafoni.

Phunziro lachiwiri linali Lachitatu, 3:30. Mvula inali itadula masiku anayi, kunja kuli gwa. Tinapita pabwalo la mpira. A Injiniya anaitana amayi a pamjigo, anagula ndowa zitatu za madzi, K1,500, ndalama yotuluka m'chikwama changa. Anathira madziwo pafupi ndi golo. Limenelo ndiye dambo. Anandiuza kukoka kagiya kaja. Pa dashibodi panayaka kanyali kobiriwira.

"Mwaona nyaliyo? Fowilo yalowa."

Ndinadutsa ponyowapo katatu. Kachitatu panali patauma. Anati ndili ndi mphatso, amayi ambiri amatenga mwezi. Ndinapempha kuti tipite kudambo lenileni, poti madambo ali pafupi, ungotuluka m'tauni pang'ono. Anati galimoto angoitsuka kumene, komanso wophunzira sayenera kuopsezedwa. Kenako anatulutsa setifiketi. Dzina langa analilemba molakwika. K5,000.

Muziseka. Inenso ndikanaseka zikanathera pamenepo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinanyamuka kukatenga amayi. Njira inali youma, ndinafika bwinobwino, anthu a pamudzi anatuluka kudzaona mwana wawo akuyendetsa. Chakumadzulo mvula inayamba. Sinaleke mpaka m'mawa.

Lolemba tinanyamuka 5:15. Amayi anali atasamba kale, atavala chitenje chawo cha kumpingo. Sanadye kanthu, chifukwa anamwino anawauza kuti abwere osadya. Kabuku kawo ka kuchipatala anakaika m'pepala la shuga n'kukagwira ndi manja awiri. Anali osangalala. Ankandifunsa za minda imene tinkadutsa, kuti fodya wa uje wakula bwanji, ine n'kumawafotokozera.

Nthawi ili 6:05 tinafika padambo loyamba, pakati pa minda ya fodya. Madzi anali atadzaza m'mikwasa ya ngolo. Ndinaima. Ndinakoka kagiya. Kanyali kanayaka. Ndinakumbukira zilembo zazikulu zija, ndipo sindinaganize. Ndinaponda moto.

Galimoto inadumpha ngati chule, kamodzi, kawiri, n'kukhala pansi. Ndinapondanso. Matope anauluka mpaka padenga. Ndinapondanso. Kumbuyo kunayamba kutsika. Pofika kachinayi tinali titayang'ana kumwamba ngati tikufuna kuuluka.

Amayi anandigwira mkono.

"Mwanawe, ine sindiona, koma akulirawo ndi akumbuyo okha. Akutsogolowa angoti phee ngati alendo."

Ndinawauza kuti sizingatheke, nyali yayaka. Ndinatsika. Matope anandifika m'mawondo, nsapato imodzi inatsala momwemo. Amayi ena amene ankathyola fodya m'munda wapafupi anabwera. Ndinapempha mmodzi kuti ayang'ane kutsogolo ine ndikamaponda. Anayang'ana, n'kundiuza kuti agogowa akunena zoona, akutsogolowa akungoonerera.

Nthawi ya 6:30 ndinaimbira a Injiniya. Anayankha kachitatu, akutafuna. Anafunsa ngati nyali yayaka. Ndinati yayaka. Anati ndiye kuti fowilo ili bwino, vuto ndi dalaivala. Anafunsa ngati ndaponda moto. Ndinati ndaponda mpaka takwiririka. Anati ndipondebe, matope amafuna munthu wolimba mtima. Ndinawakumbutsa kuti m'galimoto muli amayi aja anati ndi amayi awo. Anati nditumize mayunitsi kuti andiimbire bwino. Nditayesanso, foni inali yothima.

Anthu anasiya fodya wawo n'kudzatikankha. Amuna anayi, amayi asanu. Ndinawapaka matope kumaso onse, galimoto osasuntha. Nthawi inkapita. Amayi ankandifunsa kuti ili bwanji tsopano, ine n'kumawanamiza kuti ikadalipo. Itakwana 7:40, mayi wina anati zimenezi n'zofunika a Zimba, ndipo anathamanga kukawaitana.

A Zimba anafika 8:20, iwo ndi akazi awo, akukusa ng'ombe ziwiri zapagoli. Ndi bambo wachikulire, wamfupi, wa magambutsi osiyana mitundu. Anthu anandiuza kuti anayendetsa thirakitala pa esiteti kuyambira ali mnyamata. Anayamba apita pawindo kukapereka moni kwa amayi, monile mama, n'kuwapepesa. Kenako anatenga ndodo, anayenda m'dambo monse akubaya pansi, kufuna polimba. Anakumba kutsogolo kwa matayala ndi khasu, anaikapo nthambi ndi mapesi. Anatenga kamtengo ka machesi n'kuphwetsako mpweya m'matayala onse. Nzeru za anthu a pafoni zija. A Zimba foni alibe.

Ng'ombe zinakoka, tinatuluka. Tili pouma, a Zimba anayala thumba la feteleza n'kulowa pansi pa galimoto. Sanakhalitsemo.

"Madamu, tagonani apa muone."

Ndinagona, matope ndi matope omwe. Anandilozera malo awiri, pakati pa galimoto ndi kutsogolo. Malo alionse anali ndi mabowo anayi a mabawuti, owala, opanda dzimbiri. Pakati pake panalibe kanthu. Anandifotokozera kuti pamenepo pamakhala chitsulo chachitali, shafiti, chimene chimapereka mphamvu ku matayala akutsogolo. Chachotsedwa, ndipo chachotsedwa posachedwa, ndi sipanala, osati kugwa panjira. Ndinati nanga nyali ija? Anati nyali imangodziwa kuti mwakoka giya. Za chitsulo siidziwa.

Ndinakhala chigonere pathumbapo kwa kanthawi. Sindinkafuna kuti anthu aone nkhope yanga.

Kutsogolo kunali dambo lina. A Zimba anapereka ng'ombe kwa akazi awo kuti azititsata, iwo n'kukwera kumbuyo, konunkha mbuzi kuja. Tisanalowe anandiuza kuti nditsike ndiyendemo kaye wapansi. Anandionetsa kuti madzi odikha, osalala pamwamba, ndiwo amabisa dzenje. Anati ndiike giya yachiwiri, phazi likhale lopepuka, ndisaime pakati, ndisapotoze chiwongolero mwamphamvu, ndipo matayala a mbali imodzi ayende paudzu. Anati tayala likayamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsa phazi, chifukwa ukapitiriza ukudzikumbira manda. Anatinso m'galimoto musamasowe khasu, chingwe cholimba, thabwa ndi pampu. Tinawoloka. Ndi matayala awiri okoka, opanda ng'ombe, tinawoloka. Phunziro lonselo silinakwane mphindi khumi. Anandilipiritsa K6,000, ya ng'ombe ndi ya iwo, ndipo setifiketi sanandipatse.

Tinapopa matayala kwa wokonza njinga pamalo ena ogulitsira zinthu. Pachipatala tinafika 11:35.

Anamwino anatilandira bwino, sindingawanamizire. Anatiuza kuti mndandanda unatsekedwa kale, madokotala anatenga anthu amene akanatha kuwachita tsiku limenelo, ndipo akubwerera madzulo omwewo. Ena ochokera ku Chulu anafika dzulo lake n'kugona pompo. Ndinachonderera. Anamwino analowa kukafunsa, anabwera akupukusa mutu. Tsiku lina? Sakudziwa, adzatiimbira.

Amayi anakhala pabenchi, kabuku kali pamiyendo. Ine ndinaima pambali pawo, phazi limodzi lopanda nsapato, matope atauma mpaka m'tsitsi. Patapita nthawi anandipempha tiyi ndi banzi, poti tsopano panalibenso chifukwa chokhalira ndi njala. Ndinakagula. Akumwa anamva kuti ndikufwenthera.

"Usalire. Ine ndimangofuna ndisoke fodya wanga ndekha chaka chino, m'malo momangomva anzanga akusoka."

Ndinakawasiya kunyumba kwanga. Sindinasambe. Nthawi ya 1:15 ndinali pagalaja.

A Injiniya anali atakhala pabenchi, akumwa chakumwa chozizira. Atandiona anati eee madamu, mwayendadi m'tchire. Ndinawafunsa funso limodzi. Shafiti yanga ili kuti?

Yankho loyamba linali loti galimoto za mtundu umenewu sizikhala ndi shafiti kutsogolo, mphamvu imadutsa m'nthambo. Ndinawauza za mabowo asanu ndi atatu owala aja, ndipo ndinapempha kuti tigone pansi tonse tikaone. Anayang'ana ovololo yawo.

Yankho lachiwiri linali loti anaichotsadi, chifukwa ndi imene inkagogoda. Ndipo anandifunsa, maso ali gwa, kuti kodi phokoso latha kapena silinathe. Mwamva? Ukapita kuchipatala mutu ukukupweteka, akudule mutuwo, kenako afunse achibale ngati ukudandaulabe.

Yankho lachitatu linali loti anandichitira chifundo. Fowilo imamwa mafuta, ndipo iwo anaona kuti ndine mphunzitsi, malipiro ndi ochepa. Ndinafunsa chifukwa chimene anandiphunzitsira kukoka giya yopanda ntchito, n'kundionetsa nyali, akudziwa kumene ndikupita ndi amene ndikukanyamula. Anati maphunziro ndi maphunziro, zimenezo zidzandithandiza ndikadzagula galimoto ina.

Ndinati chabwino, ndipatseni chitsulo changa ndizipita. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku, kutukula matayala akale, kusuzumira m'migolo. Akuti mwina ana anatola. Mwina ogula zitsulo zakutha. Mayi wa malisiti uja, amene amangolemba, anadzutsa mutu.

"Kodi si chija munaika m'galimoto ya abwana ogula soya aja?"

A Injiniya anamuyang'ana ngati amumeze. Iye anabwerera ku foni yake.

Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Pali bambo wina wogula soya m'midzi, ali ndi kagalimoto kofanana ndi kanga. Shafiti yake inathyoka. A Injiniya anamugulitsa yanga. Ine ndinalipira kuti aichotse, iye analipira kuti aiike. Chitsulo chimodzi, makasitomala awiri, onse othokoza.

Mukuganiza kuti anapepesa? Anandiuza kuti angandipezere shafiti ina ku Lilongwe pa K150,000, ndipo poti ndine kasitomala wawo wakale, andichotsera K10,000. Nditakweza mawu, anatenga lisiti langa n'kulitembenuza. Kumbuyo kwake kuli chidindo chofufutika, chonena kuti chitsulo chilichonse chochotsedwa pagalimoto ndi cha galaja. Akuti ndinavomereza polandira lisiti. Ndiye kuti akanachotsa injini, inenso ndikanapita kunyumba ndi zitseko?

Sindinatukwane. Ana amene ndimawaphunzitsa amadutsa njira imeneyo. Ndinapita kunyumba, ndinasamba, ndinaphikira amayi.

Lachiwiri nditaweruka ndinatenga makope a Fomu 3, mpando wanga wa pulasitiki ndi thumba la feteleza lopanda kanthu. Ndinakakhala pakhomo pa galaja, kunja kwa mpanda, pamsewu wa tonse, n'kuyamba kuchonga. Aliyense wolowa ndi galimoto ndinkamupatsa moni, n'kumufotokozera nkhani yanga mwachidule, n'kumubwereka thumba kuti agone pansi awerenge zitsulo zake asanazisiye. Aliyense wotuluka ndinkamubwereka thumba lomwelo kuti awerengenso.

Tsiku loyamba anthu awiri anatembenuza galimoto. Tsiku lachiwiri bambo wina wa zaumoyo, amene anabwera kudzatenga galimoto yake, anatsekula kutsogolo n'kupeza batire losakhala lake. Phokoso la tsiku limenelo silinali langa. Tsiku lachitatu a Injiniya ananditumizira chakumwa chozizira, ati dzuwa likuwawa. Ndinachibweza. Anabwera okha, kundiuza kuti ndikuwononga dzina la kampani, ndipo mayi wophunzira sachita zotere. Ndinawauza kuti ndatsala ndi makope ambiri, ndipo mayeso a pakati pa teremu akubwera.

Lachisanu, 2:40, wakabaza anafika ndi chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli. Shafiti yanga. A Injiniya anati yapezeka kusitolo, inangosokera. Inali ndi matope aawisi.

Ndinali nditatumiza kale uthenga kumudzi, ndipo Loweruka a Zimba anabwera, thiransipoti ndinawalipirira. Anaima pomwepo shafiti ikumangidwa, akuwerenga mabawuti mokweza. A Injiniya anafuna K20,000 yomangira. A Zimba anangowayang'ana mpaka nkhaniyo inafa yokha. Titaliza galimoto n'kuyenda pang'ono, kugogoda kuja kunabwerera, kofanana ndendende ndi tsiku loyamba. Palibe chimene chinakonzedwa. A Zimba anagwedeza shafiti ndi dzanja n'kundionetsa kachitsulo kooneka ngati mtanda kumapeto kwake, kakutha. Tinakagula ku shopu ya zitsulo pa K18,000, anakaika okha pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwanga. Phokoso linatha, ndipo matayala onse anayi akukoka. Anandiuzanso kuti tayala lalitali lija ndilichotse msanga lisanaononge zina. Ndiye ndikufunanso tayala.

Inu abwana ogula soya, sindikukudziwani, koma ngati mukuwerenga izi, imani pomwe mulipo. Galimoto yanu inapita kugalaja Lachinayi, mwina anakuuzani kuti akukathira girizi. Nyali yanu iyaka bwinobwino. Musalowe m'dambo.

Kwa nonse amene mukuyamba ndi ndalama zochepa ngati ine: musanasiye galimoto kwa munthu, gonani pansi mujambule ndi foni. Musapereke ndalama zonse kamodzi. Wokuphunzitsani matope akhale munthu amene zovala zake zinadetsedwapo ndi matope. M'midzi yathu ya fodya muli madalaivala akale a mathirakitala, angokhala, palibe amawafunsa.

Tsopano inu a Injiniya. Ndikufuna ndalama ya kukonza kumene simunakonze. Ndikufuna ya maphunziro, ya setifiketi, ya ndowa zitatu zija, ndi petulo amene munanyamulira mbuzi. Zimenezo n'zosavuta, muli nazo. Koma ndiyankheni izi. Pamene munkamasula mabawuti aja, munkadziwa tsiku, munkadziwa njira, munkadziwa kuti ndikukanyamula munthu wosaona nthawi ya mvula. Munkaganiza kuti tiwoloka bwanji? Foni ya kuchipatala sinalirebe. Amayi akadali kwanga, amadzuka m'mawa n'kukhala pakhonde, foni yanga ikangolira amatembenuka kufunsa ngati ndi madokotala. Ine ndatopa kuwayankha. Mubwere mudzawayankhe ndinu.

Mpaka mutabwera, mundipeza pakhomo panu tsiku lililonse 2:30. A Fomu 3 ndamaliza kuwachonga. Mawa ndikubwera ndi a Fomu 4, ndipo alipo makalasi awiri.